Raster Design ya AutoCAD pa mapulani akale a papepala

Ntchito zambiri zimene zimafika pa desiki panga si za nyumba zatsopano ayi. Ndi za nyumba zakale zofuna kuwonjezera chipinda kapena kusintha denga, ndipo mwiniwake amabwera ndi pulani ya papepala, yopindapinda, ina itachita kufiira ndi kukalamba. Fayilo ya pulaniyo ya pakompyuta, ya DWG, palibe. Ndiye pulaniyo timaipititsa pa sikana n'kuilowetsa ngati chithunzi mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pakompyuta. Pa ntchito yotereyi ndimagwiritsa ntchito Raster Design, pulogalamu yowonjezera pa AutoCAD yokonzera zithunzi zosikana, ndipo ndinene poyera kuti pa kuyeretsa ndi kuwongola chithunzi ndi chida chabwino zedi. Koma amene akuganiza kuti imujambulira yokha pulani yonse, asayembekezere zimenezo.

AutoCAD payokha imalandira kale zithunzi. Mwa malamulo ake, IMAGEATTACH imalowetsa zithunzi za mtundu wa TIFF, PNG kapena JPEG, IMAGECLIP imadula m'mbali mosafunika, IMAGEADJUST imazimiriritsa chithunzi kuti mizere yanu izioneka bwino pamwamba pake. Vuto n'lakuti kwa AutoCAD chithunzicho ndi chinthu chimodzi basi, timadontho tokhatokha. Khoma limene inu mukuliona ndi maso, iyo sikulidziwa. Simungagwire pangodya pake, simungafufute mzere umodzi n'kusiya unzake. Raster Design ndiyo imalowa mkati mwa timadonthoto. Kuyambira 2018 kampani ya Autodesk imaipereka pamodzi ndi AutoCAD yathunthu kwa amene amalipira pamwezi kapena pachaka, koma mu AutoCAD LT, yochepetsedwa zida, mulibe, ndipo imayenda pa Windows pokha.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi Rubbersheet. Pepala likakhalitsa limatanuka, ndipo silitanuka mofanana. Chinyezi chimalikoka mbali ina, pamene linapindidwa pamakwinyika, sikana nayo pokoka pepala lalikulu imatha kulitalikitsa pang'ono. Mukatenga SCALE n'kuyeza khoma la kumanzere kuti likwane mamita 12 monga analembera, mukapita kumanja mumapeza khoma lofanana nalo likuperewera. SCALE ndi ALIGN sizingathetse zimenezi, chifukwa zimakulitsa chithunzi chonse ndi muyeso umodzi. Ndi Rubbersheet mumasankha malo amene mukuwadziwa bwino, monga ngodya za nyumba kapena pamene mizere ya giridi yakumana, n'kuuza pulogalamu pamene malo aliwonse ayenera kukhala. Iyo imakoka chithunzicho ngati mphira mpaka zonse zitakhala m'malo mwake. Malowo muziwamwaza pepala lonse, mpaka m'mphepete. Akaunjikana pakati, m'mbali mumapotoka kuposa poyamba.

Deskew imawongola pulani imene inalowa mopendekera pa sikana, ndipo imachita bwino popanda zovuta. Despeckle imachotsa timadontho ta fumbi ndi nkhungu. Iyi muziisamala. Kadontho ka pakati pa manambala ndi kadontho ka fumbi kwa iyo n'chimodzimodzi, moti mukaiuza kuti ichotse timadontho tokulirapo, 2.75 imasanduka 275, ndipo mizere yoduladula yosonyeza mapaipi a pansi imayamba kusowa. Ine ndimayamba ndi muyeso waung'ono kwambiri, kenako ndimakulitsa chithunzi pamene pali manambala kuti ndione ngati onse akadali bwino.

Tibwere pa zimene anthu ambiri amaifunira, kusandutsa chithunzi kukhala mizere yeniyeni. Zida zake zimagwira mzere wa pachithunzi, n'kuulondola, n'kuikapo mzere wa AutoCAD. Pa mapu a mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka zimathandizadi, chifukwa kulondola ndi dzanja mzere wokhotakhota wotero n'kotopetsa. Koma pamene mizere yadutsana, kapena pamene inki inazilala, chida chimaima kudikira kuti muchiuze kolowera. Pa pulani ya nyumba, yodzaza ndi malemba, mivi ndi mizere ya miyeso, kuimaima kumachuluka. Nthawi zambiri ndimaona kuti n'kwachangu kujambula makoma mwatsopano, chithunzi chili pansi chongondilondolera. Kuwerenga malemba nako n'chimodzimodzi: otayipidwa pulogalamuyi imayesetsa, olembedwa pamanja muziwerenganso liwu ndi liwu.

Palinso chifukwa china chachikulu chimene sindidalira mzere wolondoledwa. Pa sikelo ya 1:100, mzere wa cholembera wa theka la milimita ukuimira mamilimita 50 pa nyumba yeniyeni. Ndiye mwagwira pakati pa mzerewo kapena m'mphepete? Kusiyana kumeneko n'kokwanira kuti chitseko chisalowe. Nambala imene wojambula woyamba analemba ndiyo ndimaitsatira, osati pamene mzere waonekera. Nambala ikatsutsana ndi chithunzi, kapena ikasowa, munthu apite ndi tepi akayeze nyumbayo.

Chida chimene anthu sachitchula kawirikawiri, koma chimapulumutsa nthawi, ndi REM. Imakulolani kusankha mzere kapena chigawo mkati mwa chithunzi momwemo, n'kuchifufuta kapena kuchisuntha. Ngati ntchito ndi yongogumula khoma limodzi n'kuika zenera, palibe chifukwa chojambuliranso nyumba yonse. Mumafufuta khomalo pachithunzi, n'kujambula zatsopano zokha pamwamba, ndipo posindikiza zakale ndi zatsopano zimatuluka pa pepala limodzi. Wowerenga pulani amaonanso bwino chimene chasintha.

Zonsezi zimadalira mmene munasikanira. Pepala la A1, la mamilimita 594 ndi 841, pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) limatulutsa timadontho pafupifupi 70 miliyoni. Mukalisunga la mitundu yonse popanda kulipanikiza limadutsa mamegabayiti 200, ndipo kompyuta imayamba kukoka miyendo. Lakuda ndi loyera lokha silifika n'komwe mamegabayiti 10, ndipo TIFF yopanikizidwa mwa njira ya Group 4 imalichepetsanso kwambiri. Zida zolondola mizere zimafunanso chithunzi chakuda ndi choyera chomwecho. JPEG ndimaipewa pa mapulani, chifukwa imasiya utsiutsi m'mphepete mwa mizere. PDF ya pepala losikana nayo isakunyengeni: PDFIMPORT imatulutsa mizere pokhapokha ngati PDF-yo inachokera pa kompyuta, apo ayi mupeza chithunzi chomwe chija.

Kwa amene amakumana ndi pulani yakale mwa apo ndi apo, zida za AutoCAD yokha zikukwanirani. Kwa amene mapepala akale ndi mapu ndiye ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, Rubbersheet ndi REM zokha n'zokwanira kuti muiphunzire. Potumiza ntchito kwa mnzanu, kumbukirani kuti nthawi zambiri chithunzi sichikhala mkati mwa DWG, fayiloyo imangosunga njira yopita kumene chili. Mukatumiza DWG yokha, iye atsegula n'kupeza bokosi lopanda kanthu ndi dzina la fayilo. Gwiritsani ntchito ETRANSMIT kuti imange zonse pamodzi, ndipo IMAGEFRAME muiike pa 2 kuti malire a chithunzi azioneka pa kompyuta koma asatuluke posindikiza.