Git hook, GitHub Actions kapena Ansible: malamulo a pa seva tiwasiyire ndani?

Kutumiza khodi yatsopano ku seva sikuvuta. Chimatopetsa ndi zimene zimatsatira: `composer install`, `php artisan migrate --force` (lamulo losintha matebulo a database), kufufuta cache, kudzutsanso queue. Ambiri amene timasamalira timasisitimu ta malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, kapena ta mashopu a pa Boma, tinayamba ndi kulowa pa SSH (njira yolowera mu seva uli kutali) n'kumalemba malamulowa limodzilimodzi. Munthu ukatopa nazo umafuna kuti azidziyendera okha. Njira zimene timakonda kukanganirana ndi zitatu, ndipo ine ndimaziyeza ndi funso la kuno kwathu: netiweki ikaduka kapena magetsi akathima lamulo lili mkati, chimatsala pa seva n'chiyani?

Yotchipa ndi hook ya Git, kutanthauza script yomwe Git imaiyendetsa yokha khodi ikafika. Pa seva mumapanga repo (mosungira khodi) ya `--bare`, mu foda ya `hooks` mumaikamo fayilo yotchedwa `post-receive`, n'kuipatsa `chmod +x`. Basi. Mukapanga `git push` malamulo amayamba, ndipo zonse zimene akunena zimabwera pa sikirini yanu zitatsogozedwa ndi `remote:`. Simulipira aliyense, komanso imagwira ngakhale seva ili mu ofesi momwemo popanda intaneti.

Koma hook imeneyi imayamba Git italandira kale khodi, ndiye migrate ingalephere bwanji, push imaoneka yotheka. Choopsa kwambiri n'chakuti imayenda kompyuta yanu ikadali pa mzere. Bandulo ikatha pakati, script ikhoza kufera panjira. Amene muli pa MySQL kapena MariaDB musamale apa: malamulo osintha matebulo sabwezeka ndi transaction, choncho migration yofera pakati imasiya tebulo lina litasinthidwa, lina ayi. PostgreSQL imatha kubweza zonse. Palinso kamsampha kena: mkati mwa hook `GIT_DIR` imakhala itaikidwa kale, ndiye mukalowa foda ina n'kuitana `git pull` imakana mpaka mutalemba `unset GIT_DIR`.

GitHub Actions, yomwe inatsegulidwira aliyense mu 2019, imayankha bwino funso langa lija. Push ikangofika, zotsala zimachitikira pa makina a GitHub. Laputopu yanu ithime, mukwere minibasi ya ku Monkey Bay, ntchito ikupitirira ndipo log mukaiwerenga madzulo. Akaunti yaulere imakhala ndi mphindi 2,000 pa mwezi pa ma repo a private, zomwe kwa ife n'zambiri zedi. Sitepe ikalephera zotsatira zimaima, chifukwa `run:` imaitana bash ndi `-e`. Dziwani kuti `pipefail`, yomwe imagwira kulephera kwa malamulo olumikizidwa ndi `|`, imabwera pokhapokha mutalemba `shell: bash`, ndipo `run:` iliyonse ndi shell yatsopano, moti `cd` ya pamwamba siifika pansi.

Apa pali zovuta ziwiri. Kiyi ya SSH ya seva yanu mumaisungitsa kwa a GitHub, mu Secrets. Chachiwiri, makina awo ayenera kuipeza seva yanu. Ngati ndi VPS (seva yobwereka pa intaneti) palibe vuto, koma kompyuta yomwe ili kuseri kwa kauntala, yolumikizidwa ndi rauta ya SIM khadi, nthawi zambiri ilibe IP yoonekera kunja. Pamenepo mumaika self-hosted runner, pulogalamu yoyendetsa ntchito za Actions pa makina anu, yomwe imadziitanira yokha ku GitHub. Zimatheka, koma ndi katundu wina woti muzimuyang'anira.

Ansible, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa ma seva kuchokera pa kompyuta ina, ndi yaikulu msinkhu kuposa Actions. Inayamba mu 2012, Red Hat inaigula mu 2015, ndipo pa seva imangofuna SSH ndi Python. Ili ndi ma module awiri amene amasokoneza oyamba kumene. `command` siidutsa mu shell, choncho `|` ndi `>` sizigwira. `shell` imadutsa mu `/bin/sh`, yomwe pa Ubuntu ndi Debian ndi dash osati bash, ndiye `source` imakana. Chimene ndimaikondera ndi `creates:`, kutanthauza kuti fayilo yakuti ikapezeka kale, lamulo lisabwerezedwe. Netiweki ikaduka mumangoyambitsanso playbook (fayilo ya masitepe a Ansible), zomwe zinatheka imazidumpha, malinga ngati munalemba mosamala. `run_once` imaonetsetsa kuti migrate yayenda pa seva imodzi yokha ngakhale muli nazo zisanu. Koma wa seva imodzi kuphunzira YAML, inventory ndi ma role, kuli ngati kubwereka lole kuti ukatenge dengu limodzi la usipa. Pa kompyuta ya Windows imafunanso WSL (Linux ya mkati mwa Windows), ndipo mukaiyendetsa pa laputopu mwabwerera ku vuto la bandulo lija.

Msampha umodzi uli konsekonse: lamulo limayenda bwino mukalowa nokha, koma makina akaliyendetsa limati `node: command not found`. Shell ya makina si ya interactive, ndipo `.bashrc` ya Ubuntu imatulukira pamwamba isanafike pamene nvm, pulogalamu yoikira Node, inalemba zake. Lembani njira yonse ya pulogalamuyo, kapena ikani `PATH` mu script momwemo.

Kwa VPS imodzi ine ndimasankha Actions, koma malamulo sindiwamwaza mu YAML. Onse amakhala mu `deploy.sh` mkati mwa repo, pamwamba `set -euo pipefail`, kenako `flock` kuti ma deploy awiri asawombane, ndipo `mysqldump`, yosunga kope la database, imatsogola migrate isanayambe. Actions imangolowa pa SSH n'kuitana fayiloyo. Seva ya mu ofesi ndimaisiyira hook, yoitana `deploy.sh` yomweyo kudzera mu `nohup`, zonena zake zikulembedwa mu log, kuti mzere ukaduka isafe nawo. Ansible ndingaiganizire ma seva akafika atatu.