X-ray ya m'makiliniki a mu Mzuzu ikakumana ndi nkhope yophwanyika

Wakabaza wopanda chisoti akagwa pa njinga yamoto mumsewu wa M1 cha ku Luwinga, abale amathamangira naye kukiliniki yapafupi yomwe ili ndi makina a X-ray. Pa changu pokha makinawa sitingawanyoze, chithunzi chimatuluka tsiku lomwelo. Ngati yathyoka ndi nsagwada ya m'munsi yokha, chimaonetsa bwino ndithu akajambula kutsogolo ndi cham'mbali. Koma wowerenga chithunzicho ayang'ane kawiri, chifukwa nsagwadayi imakonda kuthyoka malo awiri, ndipo pachiwiripo pamabisala pafupi ndi khutu.

Mafupa akathyoka ambiri, pamphumi, m'masaya, pamphuno ndi kunsagwada nthawi imodzi, makinawa amaperewera. Mafupa apakati pa nkhope ndi opyapyala ndipo pachithunzi amasanjikizana. Kajambulidwe kamene kamaonetsa masaya, kotchedwa Waters, kamafuna kuti wodwala adzutse chibwano, zomwe n'zoletsedwa khosi lisanatsimikizike kuti lili bwino. Ndiye amamujambula ali chagada, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi, lipoti n'kuti palibe chothyoka.

Kupima ndi manja kumaulula zambiri kuposa pepalalo. Wodwala alume mano: akapanda kukumana monga kale, nsagwada yasuntha. Dzanzi patsaya ndi pamlomo wam'mwamba limasonyeza kuti lathyoka fupa la pansi pa diso. Dzanzi pamlomo wam'munsi ndi la nsagwada. Kuona zinthu ziwiriziwiri poyang'ana kumwamba ndiye kuti mnofu woyendetsa diso wapanikizika. Dokotala amagwira mphumi ndi dzanja limodzi, lina n'kugwedeza pang'onopang'ono mano akumwamba. Akagwedezeka mano ndi fupa lawo lokha, kuthyokako kumatchedwa Le Fort I. Ikatsatira ndi mphuno ndi Le Fort II. Ikamayenda nkhope yonse mpaka m'mbali mwa maso ndi Le Fort III. Mayinawa ndi a René Le Fort, dokotala wa ku France amene anafotokoza zimenezi mu 1901.

Timadzi toyera tikamadontha m'mphuno, maso onse awiri atada kuzungulira, ganizani za kuthyoka kwa tsinde la chigaza. Munthuyo asamine, ndipo chubu chisalowetsedwe m'mphuno. Diso likatuzuka, litalimba, kuona kukuchepa, magazi aunjikana kumbuyo kwake, ndipo limatha kufa m'maola ochepa. Pamzere wa X-ray si pokhala munthu wotere.

Chofunika apa ndi CT scan (kujambula m'kati mwa thupi m'magawomagawo) yodula zithunzi mopyapyala, milimita 1 kapena kucheperapo, yoonetsa mutu, nkhope ndi khosi ulendo umodzi. Zithunzi za 3D zimakongola ndipo zimathandiza wochita opaleshoni, koma pansi pa diso pamaoneka bwino pa zithunzi zopyapyala zija.

Chigamulo chathu: pa nsagwada yokha, kwa wodwala amene akulankhula ndi kupuma bwino, X-ray yapakiliniki ndi yoyenera ndalama zake. Pa nkhope yotupa yonse, mano osakumana, kapena magazi otsikira kukhosi, musatayirepo nthawi. Pitani naye ku Mzuzu Central Hospital, komwe zipatala za m'chigawo chakumpoto zimatumiza odwala, ndipo mufunse za CT ndi dokotala wa nsagwada. Pakatha masabata awiri mafupa a nkhope amakhala atayamba kugwirana pomwe agonapo, mokhota momwemo.