Supercharger ya centrifugal, ya roots kapena turbo: iti ikugwirizana ndi pikiapu ya m'zitunda za Thyolo?

Zipangizo zitatu zonsezi ntchito yake ndi imodzi, kukankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwotche mafuta ochuluka. Kusiyana kwake n'koti mphamvuyo imabwera injini ili pa rpm (maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi) zingati, ndipo apa m'pamene ambiri amataya ndalama.

Centrifugal, monga za ProCharger, Vortech ndi Rotrex, ndi kamphero ka mapiko okupiza mpweya kozungulitsidwa ndi lamba wochokera ku crankshaft. M'kati mwake muli magiya kapena ma roller okachititsa kuzungulira maulendo masauzande ambiri pa mphindi. Boost yake, kutanthauza mphamvu ya mpweya wokankhidwira mu injini yomwe amayeza mu psi, imakwera mowirikiza ndi liwiro la injini: ngati kit ikupereka 8 psi pa 6,000 rpm, pa 3,000 rpm mudzangopeza pafupifupi 2 psi. Ndiye taganizirani pikiapu yodzaza nthochi ikukwera kuchokera ku Luchenza kupita ku Thyolo boma, injini ili pa 2,500 rpm. Pamenepo centrifugal imakhala isanadzuke. Imasangalatsa pa msewu wa Midima pomwe mukufuna kupitirira lole, mutatsitsa giya singano n'kudutsa 4,000 rpm. Ubwino wake wina, mpweya wake sutentha kwambiri, ndipo popeza mphamvu imabwera pang'onopang'ono, klachi ndi giyabokosi sizidzidzimuka.

Roots, monga za Eaton ndi Magnuson, komanso twin-screw ya Whipple, zimakhala pamwamba pa injini m'malo mwa manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini). Zimakankha mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse, choncho boost ilipo kuyambira cha m'ma 2,000 rpm. Kwa wonyamula katundu m'misewu ya dothi ya m'minda ya tiyi, kapena wokoka ngolo nyengo ya chiperoni, iyi ndiyo yoyenera. Vuto lake n'kutentha. Mukakwera chitunda chachitali mu Okutobala mpweya umatentha, kompyuta imachedwetsa timing (nthawi yoyatsira moto mu silinda), mphamvu n'kugwa. Yopanda intercooler (choziziritsa mpweya usanalowe mu injini) ya madzi musaigule.

Turbo sidya mphamvu ya pa lamba chifukwa imayendera utsi wa ekizosi, ndipo wastegate yake, valavu yolamulira utsi wozungulitsa turbo, imathandiza kuti boost isagwe pamalo okwera pomwe mpweya ndi wochepa. Injini wamba imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 alionse amene mwakwera, pamene supercharger ya lamba imangowirikiza mpweya umene yaupeza. Koma kuika turbo pa injini ya petulo kumafuna manifold atsopano, mapaipi a oyilo ndi kuwotcherera kwambiri.

Tinene mosabisa: ngati yanu ndi Hilux ya dizilo ya 2KD kapena 1GD, D-Max kapena Ranger, turbo ilimo kale. Tsukani intercooler, onani ma injector, basi. Land Cruiser ya 1HZ nayo centrifugal siyiyenera, popeza injiniyo sipitirira kwenikweni 4,000 rpm. Nkhani ya supercharger ikukhudza a petulo, monga 1GR-FE ya malita 4.0 kapena 2TR-FE ya 2.7.

Mukasankhabe centrifugal, yambani ndi kuyeza compression pa silinda iliyonse. Injini yotopa boost imangoimaliza. Pa mapisitoni a ku fakitale musapitirire 6 mpaka 8 psi. Pamodzi ndi mutu wa supercharger pamafunika bulaketi, pule, intercooler, bypass valve, ma injector akulu, pampu ya mafuta yamphamvu, mapulagi ozizira sitepe imodzi okhala ndi gap yocheperako, komanso tune, kutanthauza kusintha mmene kompyuta ya injini imaperekera mafuta ndi moto. Tune ndiyo ambiri amaidumpha, ndipo ndiyo imapha injini: mafuta akachepa pa boost moto umaphulika nthawi isanakwane, injini imagogoda, mphepete mwa pisitoni pokhala ma ring n'kusweka. Ikani geji ya wideband, yoyeza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta, ndipo mukaponda mafuta onse izionetsa cha m'ma 11.5 mpaka 12. Petulo wa m'zigubu, yemwe simudziwa zomwe athiramo, musamuyandikize.

Chovuta china ndi lamba. Mukaona fumbi lakuda pa bulaketi, boost n'kumagwa pa rpm zapamwamba, ndiye kuti akuterereka. Onani ngati mapule ali pa mzere umodzi, limbitsani tensioner, zikakanika samukirani ku lamba wa mizere 8 m'malo mwa 6. Lamba wachiwiri aziyenda m'galimoto, chifukwa wa saizi imeneyo simudzam'peza pa Muloza kapena pa Chitakale. Mitu yokhala ndi oyilo wakewake, monga ya ProCharger, imafuna kusintha oyiloyo pafupifupi makilomita 10,000 alionse, pamene Rotrex imafuna mafuta akeake osati a injini. Fyuluta ya mpweya ikhale yotsekedwa bwino, popeza fumbi lofiira la chilimwe limadya mapiko a kampheroko ngati sandipepa. Ndipo musanayese liwiro latsopanolo pa zitsetsereko za ku Makwasa, sinthani ma pad ndi mafuta a mabuleki.