Kabati ya Type 90 imatchinga moto, koma siilekanitsa amine ndi nitromethane

Pa nkhani ya moto, kabati ya makemikolo ya Type 90, yopangidwa motsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 14470-1, ilibe chotsutsa. Kutentha kukafika madigiri 50 zitseko zimadzitseka zokha, pa madigiri 70 mabowo a mpweya nawo amatsekeka, ndipo kwa mphindi 90 kutentha kwa m'kati sikuwonjezeka ndi madigiri opitirira 180.

Pomwe imaperewera ndi pansi pake. Kabati zambiri zimabwera ndi thireyi imodzi yokha yolandira zotayika, yokwana 110 peresenti ya botolo lalikulu kwambiri kapena 10 peresenti ya zonse zili m'katimo. Botolo likasweka pamwamba, lina n'kumadontha pansi, zonse zimakakumana m'thireyimo. Tsono nitromethane (kemikolo yamadzimadzi yosungunulira zinthu) ndi makemikolo a m'gulu la amine monga triethylamine kapena ethylenediamine zonse zili ndi chizindikiro cha lawi la moto, ndiye anthu amangozisanja pamodzi ngati pachibale.

Apa mpomwe pagona ngozi. Amine imasolola hydrogen pa nitromethane n'kupanga mchere wa nitronate, ndipo ngakhale italowa pang'ono chabe, nitromethane imasanduka yosachedwa kuphulika ikagundidwa kapena kutenthedwa. Payokhanso si yosewera nayo: mu 1958 matanki ake a pa sitima ya pamtunda anaphulika ku America, ku Niagara Falls ndi ku Mount Pulaski, ku Illinois. Nitromethane yabwino imakhala yoyera ngati madzi. Ikayamba kuoneka yachikasu kapena yofiirira, kapena mukaona zoyanga zouma m'mbali mwa chivindikiro, musapotokole chivindikirocho, chifukwa mchere wouma uja umatha kuphulika ndi kukhulana kokha. Lisiyeni botololo pomwe lili, muitane akatswiri ochotsa zinyalala zoopsa.

Ngati mumasunga magulu onse awiri, gulani kabati ziwiri, kapena ya zipinda ziwiri zosalumikizana, chilichonse ndi thireyi yakeyake. Ya chipinda chimodzi ndi yabwino kwa amene ali ndi gulu limodzi basi. Botolo lililonse likhale m'kabeseni kake, ndipo nitromethane isakhudzane ndi mkuwa kapena mtovu. Lumikizani kabatiyo ku paipi yotulutsa mpweya kuti mpweya uzisinthika ka 10 pa ola, poti nthunzi ya amine siichedwa kudzaza m'kati. Zigubu za zinyalala nazo zikhale ziwiri, zolembedwa bwino.

China chomwe ambiri amaiwala: mankhwala olimbitsa guluu wa epoxy nthawi zambiri amakhala amine yomweyo, ngakhale dzina la pachitini silinena. Onani kaye pepala lake la SDS (lofotokoza zomwe zili m'mankhwalawo ndi kuopsa kwake) musanaliike pashelefu.