Maenvelopu okumbukira sitima ya USS Nautilus: mmene ndawaonera patapita miyezi

Chaka chatha ndinagula kwa wogulitsa wina wa pa intaneti mpukutu wa maenvelopu okumbukira USS Nautilus, sitima yankhondo ya dziko la America yomwe inali yoyamba kuyenda pansi pa nyanja ndi mphamvu ya nyukiliya. Tsopano popeza ndakhala nawo nthawi yokwanira kuwasanthula, maganizo anga asintha pa zinthu zingapo.

Poyamba maso anga ankathamangira ku zithunzi zosindikizidwa kumanzere kwa envelopu, koma lero ndimayamba ndaona chidindo cha positi ofesi, chifukwa ndicho chimachitira umboni kuti envelopuyo inalipodi pa tsiku lokumbukiridwalo. Imene ndimaikonda koposa ili ndi chidindo cha ku Groton, Connecticut, cha pa 21 Januwale 1954, tsiku limene Mamie Eisenhower, mkazi wa pulezidenti wa America pa nthawiyo, anatsogolera mwambo wotsitsira sitimayi m'madzi pa kampani ya Electric Boat. Ina ndi ya pa 30 Sepitembala chaka chomwecho, pamene sitimayi inalandiridwa mwalamulo m'gulu la asilikali apamadzi. Zidindo zonse ziwirizi zikuwerengeka bwino, ndipo inki yake sinazilale.

Ulendo wa mu 1958 ndiwo unandikopa kuti ndigule mpukutuwu. Nautilus inanyamuka ku Pearl Harbor ku Hawaii pa 23 Julaye motsogozedwa ndi William R. Anderson, inamira pafupi ndi Point Barrow ku Alaska, ndipo pa 3 Ogasiti inadutsa pansi pa madzi oundana a ku North Pole ili ndi anthu 116, isanakaime ku Portland ku England. Envelopu yanga ya ulendowu si imodzi mwa zimene zinali m'sitimamo. Ndi ya tsiku loyamba la sitampa ya masenti 4 imene inatuluka pa 6 Epulo 1959 ku Cresson, Pennsylvania, kwawo kwa Robert Peary, wotchuka pa maulendo ofufuza dera la North Pole, ndipo sitampayo imaonetsa agalu okoka ngolo pamwamba ndi sitimayi pansi pa madzi oundana. Wogulitsa analongosola zimenezi moona, kotero ndilibe naye chifukwa.

Chimene chimandidandaulitsa ndi mpata waukulu umene uli pakati pa 1959 ndi 3 Malichi 1980, tsiku limene sitimayi inapumitsidwa ntchito. Munthu wodalira maenvelopu okhawa sangadziwe kuti mu Okutobala 1962 Nautilus inali nawo pa ntchito yotchinga njira za panyanja zopita ku Cuba, kapena kuti mu Novembala 1966 inawombana ndi USS Essex, sitima yonyamula ndege, pa nthawi yoyeserera nkhondo. Osindikiza ankakonda masiku achikondwerero, pamene zaka zambiri za sitimayi zinali za ntchito yolemetsa yopanda mwambo uliwonse, ndipo ine ndikuona kuti zaka zimenezo zimayeneranso ulemu.

Za kasungidwe, buku limene linabwera ndi maenvelopuwa silinandikhutiritse. M'nyengo ya dzinja matumba ake apulasitiki anasunga chinyezi, ndipo envelopu ya mu 1980 inayamba timadontho tofiirira m'mphepete mwa guluu. Ndinawasamutsira m'mapepala opanda asidi ndi kuwaika m'kabati youma, ndipo timadonthoto sitinawonjezeke. Amene akufuna kugula mpukutu wotere angachite bwino kukonzeratu posungira pake, komanso kupempha chithunzi cha kumbuyo kwa envelopu iliyonse asanalipire.