Chevrolet 3100 ya 1951: dzina la Advance Design likunena zoona pati?

Anthu ambiri akamva kuti pikapu yanga ndi ya Advance Design amayesa kuti ndi mtundu wa injini. Ili ndi dzina lotsatsira malonda lomwe Chevrolet inapatsa mapikapu ndi malole ake kuyambira mu June 1947 mpaka kumayambiriro kwa 1955, pofuna kunena kuti kapangidwe kake ndi kotsogola. M'mbali mwa boneti simulipeza. Panalembedwa Chevrolet ndi 3100 basi, nambala ya galimoto yonyamula theka la tani.

Dzinali linabadwa chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1942 mafakitale a ku America anasiya kupanga magalimoto a anthu wamba, ndipo nkhondo itatha ankagulitsabe maonekedwe akale omwewo. Aliyense ankafuna kuuza mlimi kuti tsopano kwabwera chatsopano. Mu 1948 Ford inatcha ake Bonus Built, Dodge n'kutcha ake Pilot-House. Chevrolet inawayambirira onsewa.

Ndayenda nayo chilimwe chonse ndi nyengo yachisanu kuno ku Indiana, ku America, ndipo ndikuti dzinali likunena zoona pa malo okhala dalaiva. Akuluakulu atatu timakhala pampando umodzi popanda kupanikizana. Yanga ndi ija ya mawindo asanu, yokhala ndi magalasi awiri opindika m'makona akumbuyo. Pobwerera m'mbuyo ndi matabwa, ndimangocheuka n'kuona mpanda kudzera pakona pomwepo. Kukatentha ndimakankha kachitsulo kali pansi pa dashibodi, kachitseko kamatseguka patsogolo pa galasi, mphepo n'kumawomba kumiyendo. Munthu amene anapanga izi ankaganizira wogwira ntchito tsiku lonse ali pachiwongolero, ndipo pachifukwa chimenechi ndimamulemekeza.

Mukatsegula boneti, kutsogolako kwathera pomwepo. Injini ya 216 (nambalayi ndi kukula kwa injini), ya masilinda 6, inayamba mu 1937, nkhondo isanayambe. Oyilo amafika mbali zina mochita kuwazidwa, n'chifukwa chake geji imaonetsa mphamvu yochepa moti mlendo amadzidzimuka. Mukapitirira mamailosi 55 pa ola imalira ngati ikudandaula, ndiye misewu ikuluikulu ndinaisiya. Magetsi ndi a mavoti 6. M'mawa wa mu January ndimakoka choki, kuponda sitata yapansi ndi phazi, injini n'kumatembenuka pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba. Imalira ndithu, bola batire ndi mawaya ake akhale oyera.

Zinthu ziwiri zimandivutitsa mpaka pano. Mawaipa amayendera mpweya wokokedwa ndi injini, choncho mukaponda mafuta pokwera mtunda mvula ikugwa, amafooka mpaka kuima pakati pa galasi. Chachiwiri ndi thanki ya petulo. Kuyambira 1949 inaikidwa mkati, kuseri kwa mpando. Labala ya paipi yothirira ikangong'ambika, fungo limadzaza monse. Ndinasintha labalayo fungo n'kutha, komabe sindiiwala kuti ndatsamira petulo.

Mabuleki amafuna mwendo wamphamvu ndi kuona patali. Masipeya savuta, poti mwa mapikapu onse awa ndiwo ankagulidwa kwambiri ku America zaka zimenezo ndipo zipangizo zake zikupangidwabe. Mdani weniweni ndi dzimbiri, makamaka pansi pa makona akumbuyo ndi popondera mapazi.

Amene akufuna yoyendera kawirikawiri asakesake ya 1954. Ili ndi injini ya 235 yomwe imapopa oyilo mokwanira, komanso galasi lakutsogolo ndi limodzi, osati logawika pakati. Ine ndikhalabe ndi ya 1951 chifukwa cha nkhope yake ya zitsulo zisanu zopingasa, zomwe anazichotsa mu 1954. Ntchito yotsatira ndi kuika mawaipa amagetsi mvula isanayambe.