Boti lalikulu, lapakati kapena pontoon: banja lachikulire lingathe liti pa Vaal?

Akuluakulu a kwathu okhala muno mu Johannesburg akamva kuti ndimagwira ntchito ya maboti ku damu ndi mtsinje wa Vaal, funso lawo limakhala limodzimodzi: "Kodi ine ndi mayi akunyumbawa, pa msinkhu tafikapowu, tingayendetse boti lalikulu tokha popanda wantchito?" Ena anapuma pantchito ndipo akufuna pokapumulira Loweruka ndi Lamlungu. Ena akufuna kuzolowera kuno kuti adzagule lawo akadzabwerera ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Poti funsoli silikutha, ndiyankhe pamodzi.

Maboti amene anthu amawasirira ndi atatu. Pali boti lalikulu la mamita 12 kapena kuposerapo, la injini ziwiri, lokhala ndi poyendetsera pamwamba pamene amati flybridge. Pali lapakati la mamita 7 kapena 8, la kachipinda kogona, lokokedwa pa thirela. Ndiye pali pontoon, lija lafulati loyandama pa machubu awiri.

Pakati pa damu kukakhala bata onsewa savuta. Chilungamo chake, kumeneko lalikulu ndiye limapambana. Vaal Dam ndi madzi ambiri, masikweya kilomita opitirira 300, ndipo mvula ya masana ya nyengo yotentha ikabwera ndi mphepo yake mafunde amadzuka mwadzidzidzi. Amene anakumanapo ndi mwera panyanja kwathu akudziwa zimene ndikunena. Zikatero boti lolemera limakhazikika, lapakati limagwedezeka koma limafika, pamene pontoon limamenyedwa pansi ndipo madzi amakwera kutsogolo. Pontoon ndi la mumtsinje, cha ku Vanderbijlpark kumtunda kwa khoma lotchinga madzi lotchedwa Barrage, kumene madzi amakhala bata.

Koma ulendo suthera pakati pa damu. Umathera padoko, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndi boti lalikulu tinadana.

Boti lilibe mabuleki. Likamayenda pang'onopang'ono chiwongolero sichimvera bwino, ndipo lalikulu lili ndi mbali zazitali zimene mphepo imazikankha mosavuta. La mamita 12 limalemera matani 10 kapena kuposa. Lapakati, la matani awiri kapena atatu, likaphonya pang'ono munthu amalikoka ndi chingwe n'kuliwongola. La matani 10 palibe dzanja la munthu lingaliimitse, kaya la mnyamata kaya la agogo. Ogulitsa amakuuzani kuti injini ziwiri zimalitembenuza pamalo amodzi, ina kutsogolo ina kumbuyo, komanso kuti pali bow thruster yokankha mutu wa boti cham'mbali. Zimenezo n'zoona. Chimene sanena n'chakuti thruster yamagetsi ukaipanikiza nthawi yaitali imatentha n'kuzima yokha, ndipo imakonda kuzima tsiku la mphepo, pamene ukuifunitsitsa.

Banja lina la kumpingo kwathu, anthu aulemu wawo oti anavutikira chuma chawo pa ntchito ya mathiraki, linagula boti lotere kwa munthu wina amene anawatsimikizira kuti anthu awiri amakwana. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, nyengo ya mphepo kuno, akubwerera padoko, abambo anali pamwamba pa chiwongolero, amayi ali kutsogolo ndi chingwe. Kuchokera pamwambapo abambo sankaona ngodya ya kumbuyo, ndipo chifukwa cha phokoso la injini ndi mphepo sankamva zimene amayi ankakuwa. Mphepo inalikankhira boti ku mzati wa doko. Amayi, monga angachitire munthu aliyense woona katundu wake akukagunda, anatambasula dzanja kuti alitchinge. Dzanja linathyoka pamkono. Abambo kuti atsike makwerero aja, ndi mawondo a zaka za m'ma 60, boti linali litatembenuka kale n'kukhula la eni ake. Mpaka lero ndikaona makwerero oimirira a flybridge mtima umandiwawa, chifukwa amaika mwamuna kumwamba mkazi pansi pa nthawi yeniyeni imene ayenera kukhala pamodzi. Ndipo wogulitsa uja ankadziwa msinkhu wa anthu amene ankawagulitsa.

Pa boti lapakati zimenezi sizichitika motero. Woyendetsa amakhala pansi pomwepo, mapazi awiri atatu n'kufika pa chingwe, ndipo awiriwo amalankhulana osakuwa. Pa pontoon ndiye n'kosavuta koposa: pansi ndi pafulati, pali mpanda kuzungulira, ndipo umatsika ngati ukutuluka pakhomo. Kwa munthu wa nyamakazi kapena amene anachitidwapo opaleshoni ya m'chiuno, palibe lofanana nalo. Nalo limatengeka ndi mphepo, koma n'lopepuka.

Pali funso lina limene mabanja safuna kulimva. Bambo akagwera m'madzi, kapena shuga kapena BP ikawagwetsa ali pa chiwongolero, mayi atani? Mabanja ambiri amene ndawaona, bambo ndiye amayendetsa, mayi amagwira zingwe ndi kukonza chakudya. Banja lotere lili ndi woyendetsa mmodzi, ndipo boti la mtundu uliwonse ndi lalikulu kwa iwo. Komanso kukweza munthu wamkulu wonyowa, wotopa, kuchokera m'madzi ozizira a mwezi wa Juni kufika pa boti la mbali zazitali si ntchito ya mayi wachikulire payekha. Yang'anani ngati kumbuyo kuli poponda potsika pafupi ndi madzi, ndi makwerero oti munthu ali m'madzi angawatsitse yekha. Ngati palibe, lisiyeni ngakhale likongole bwanji.

Tsopano za ndalama zobisika. Malamulo a SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamadzi muno mu South Africa, amafuna kuti woyendetsa boti la injini ya mphamvu yoposa mahatchi (horsepower) 15 akhale ndi laisensi ya usikipa, ndipo ya m'madamu ndi m'mitsinje ndi Category R. Chimene ambiri amadzachidziwa atagula kale n'chakuti laisensi ya boti losafika mamita 9 ndi yosiyana ndi ya boti la mamita 9 kupita m'tsogolo. Boti la injini yoposa mahatchi 15 limafunikanso kuyezedwa chaka ndi chaka kuti lipatsidwe Certificate of Fitness, chikalata chotsimikiza kuti lili bwino, ndipo a inshuwalansi pakachitika ngozi amayamba kufunsa mapepala amenewa. Banja lija linadzapeza kuti laisensi ya abambo inali ya maboti aang'ono. Zonse zokonzetsa, lawo ndi la eni ake, zinatuluka m'thumba mwawo.

Boti lalikulu silibwera kunyumba. M'lifupi mwake limaposa mamita awiri ndi theka amene amaloledwa pamsewu popanda chilolezo chapadera, choncho limakhala pamadzi chaka chonse, ndipo malo oimikapo amalipiritsa potengera kutalika kwake. Kulitulutsa kuti likapalidwe ndi kupakidwa penti pansi, mulipire makina onyamulira. Injini ziwiri ndiye kuti sevisi iwiri. Likamathamanga limatha kumwa dizilo woposa malita 100 pa ola. Ndiyenso madzi a Vaal sakhala pamodzi: chakumapeto kwa 2016 damu linatsika kufika pafupifupi kota, maboti akuluakulu ambiri anangokhala, pomwe mu 2025 linadzaza mpaka anatsegula zipata. Mwini boti la pa thirela zikatero amangolikoka n'kupita kwina, koma wa lalikulu amalipirabe malo mwezi ndi mwezi.

Lapakati nalo lili ndi zake. Laisensi wamba ya galimoto, ya Code B, imangolola thirela yosaposa makilogalamu 750, ndiye pamafunika laisensi ya Code EB ndi galimoto yamphamvu. Kulitsitsira m'madzi ndi kulikweza pa thirela ndi ntchito yotopetsa kwa achikulire, choncho ndimalangiza kulisiya ku malo osungira maboti kumene amakutsitsirani ndi thirakitala, monga amachitira malo ambiri a ku Deneysville, tauni ya m'mbali mwa damuli. Kumbukiraninso kuti Vaal ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini ya petulo yopanda turbo imataya gawo ndithu la mphamvu zake pamtunda wotere. Musagule la injini yongokwanira. 

Ndiye kodi banja lachikulire lingathe boti lalikulu lokha? Alipo amene amatha, ndawaona, koma ndi anthu oti akhala pamadzi zaka zambiri, anayamba ndi laling'ono, onse awiri amayendetsa, ndipo boti lawo lili ndi chiwongolero pansi chokhala ndi chitseko cham'mbali chotulukira msanga kukagwira chingwe. Kwa bambo ndi mayi amene akuyamba kumene atapuma pantchito, yankho langa ndi ayi, ndipo sindisintha. Gulani lapakati, losafika mamita 9, la injini imodzi ya panja yosavuta kukonza. Ngati miyendo ikuvuta ndipo cholinga ndi kucheza ndi zidzukulu mumtsinje, tengani pontoon. Ngati mtima wakakamira lalikulu, ikani malipiro a wothandiza pa bajeti kuyambira tsiku loyamba. Anyamata a kwathu odziwa madzi, ochokera ku Monkey Bay ndi ku Nkhotakota, alipo ambiri kuno amene akufuna ntchito.

Musanapereke ndalama, pemphani kuti mukaliyese tsiku la mphepo, osati m'mawa kuli bata. Wogulitsa akhale pansi osagwira kanthu. Bambo aliimike padoko, kenako mayi aliimikenso, bambo ali pa zingwe. Wogulitsa akakana kuyesa kotero, nyamukani muzipita.